Osayamba Mwaigwira Kompyutayo

(Mau amene mnzathu wina, wogwira ntchito ya makompyuta mu Blantyre muno, analankhula pa msonkhano wathu wa pachaka.)



Nonse mukukumbukira Cashgate ya mu 2013. Anthu ankalowetsa malipiro abodza m'makina a boma a IFMIS, macheke akatuluka n'kufufuta zimene analembazo. Komabe akatswiri a Baker Tilly a ku Britain anawalondola mapazi, ndipo lipoti lao la mu February 2014 linaonetsa kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonekera kuyambira April kufikira September 2013. Choncho kufufuta sikuthetsa umboni. Amene amauononga kawirikawiri ndi mwini wake woberedwayo.

Ndinaziona ndekha ku Ndirande. Bambo wina wa golosale anaona kuti ndalama sizikugwirizana ndi katundu, ndipo anaganizira mtsikana wogulitsa. Anatenga kompyuta kupita nayo kwa mnyamata wokonza mafoni pa msika. Mnyamatayo anatsegula mafayilo onse, nalowetsamo fulashi yake, naikamo mapulogalamu. Pamene ankandiitana, kunali kutatha. Sitinathe kudziwa amene anasintha mabukuwo, kapena tsiku lake. Ndalama sizinabwerere, ndipo mtsikanayo anachoka ntchito dzina lake lisanayeretsedwe.

Vuto lake ndi ili. Mukafufuta fayilo, makamaka pa madisiki ozungulira aja, kompyuta imangochotsa dzina lake m'kaundula. Zolembedwazo zimakhalabe mpaka china chilembedwe pamwamba pake. Tsono Windows sikhala chete. Mukangoyatsa, kapena kulumikiza disiki, imayamba kulembapo zakezake musanagwire batani lililonse.

N'chifukwa chake ofufuza amagwiritsa ntchito kabokosi kotchedwa write blocker, monga opangidwa ndi Tableau kapena WiebeTech. Kamakhala pakati pa disiki yokayikiridwa ndi kompyuta ya wofufuza, ndipo kali ndi mabowo osiyanasiyana: a SATA, a IDE a madisiki akale, ndi a USB. Mukalumikiza disiki, kamayamba kuifunsa ngati mlonda wa pa chipata: dzina lako ndani, nambala yako ndi iti, kukula kwako n'kotani? Kena kamaonanso ngati mbali ina ya disiki inabisidwa kuti kompyuta isaione. Zikatero kamasefa malamulo onse ochokera ku kompyuta. Lamulo loti "werenga" limadutsa, koma loti "lemba" kapena "fufuta" limabwezedwa.

Kudzera m'kabokosika timakopera disiki yonse, ndi malo ooneka ngati opanda kanthu omwe. Kenaka timawerengetsa chidindo chake, monga SHA-256, chimene ndi mzere wa zilembo ndi manambala 64. Kadontho kamodzi kakasintha, chidindo chonse chimasintha. Zidindo ziwirizo zikafanana, tadziwa kuti kope ndi chimodzimodzi ndi disiki yeniyeni. Iyo timaitsekera, n'kumafufuza pa kopeyo. Pamenepo timapeza zambiri, pakuti Windows imasunga mbiri ya mafulashi amene analowetsedwapo, pamodzi ndi nambala zao.

Dziko lathu lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, koma lamulo silingaukitse umboni umene mwaupondaponda nokha.

Ambiri mwa inu ndinu asungichuma a mipingo, a mabanki m'khonde ndi a masukulu ku Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Mukaganiza kuti pachitika chinyengo, kompyuta ikakhala yozima, isiyeni yozima. Ikakhala yoyaka, jambulani zimene zikuoneka ndipo musadine kalikonse. Lembani tsiku, nthawi ndi maina a onse amene aigwira. Mafulashi muwaike mu envulopu, mumate, musainepo. Mukatero pitani kupolisi.

Potero mudzathandiza kugwira wakuba, komanso mudzapulumutsa wosalakwa, amene mwina ndi mwana wa mnzathu wa m'kalasi.