Alenje a Mizukwa: Zimene Owerenga Akhala Akunena za Buku la Dracula

Nkhani ya mabuku ya sabata ino ikukamba za buku lakale limene dzina lake amalidziwa ngakhale anthu omwe sadalitsekulepo. Bukulo ndi Dracula, limene adalemba ndi Bram Stoker, ndipo lidasindikizidwa mumzinda wa London m'mwezi wa Meyi, chaka cha 1897. Ambiri akamva dzinali amaganiza za mzukwa wa mano osongoka umene umadzuka m'manda usiku kukayamwa magazi a anthu amoyo. Koma amene adaliwerenga mpaka kumapeto amadziwa kuti mzukwawo suonekaoneka m'bukumo. Masamba ochuluka akunena za anthu 6 amene adapangana kuusaka ndi kuupha, ndipo pa alenje amenewa ndi pomwe owerenga akhala akusiyana maganizo kwa zaka zoposa 125.

Stoker adabadwira ku Dublin, m'dziko la Ireland, m'chaka cha 1847. Ntchito imene inkamudyetsa sidali yolemba mabuku ayi. Kwa zaka 27 iye adali woyendetsa ntchito za katswiri wa zisudzo Henry Irving, makamaka panyumba ya zisudzo ya Lyceum ku London. M'chaka cha 1890 adapita kukapuma ku Whitby, tauni ya m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa England, ndipo m'nyumba yowerengeramo mabuku ya kumeneko adapeza dzina lakuti Dracula m'buku la mbiri ya dziko la Wallachia. Ku Transylvania, kumene nthano yake ikuyambira, iye sadapondeko.

Nthanoyo mwachidule ili motere. Loya wachinyamata, Jonathan Harker, atumidwa ku Transylvania kukathandiza mfumu ina yotchedwa Dracula kugula nyumba ku England. Atafika azindikira kuti wasanduka mkaidi, ndi kuti mwini nyumbayo si munthu wamoyo. Dracula akwera chombo pamodzi ndi mabokosi 50 a dothi la kwawo, momwe amagonamo masana, nakocheza ku Whitby amalinyero onse atatha. Kumeneko ayamba kuyamwa magazi a namwali wina, Lucy Westenra. Dotolo John Seward, pothedwa nzeru ndi matendawo, aitanitsa mphunzitsi wake wakale, Abraham Van Helsing wa ku Amsterdam. Lucy amwalira, nasanduka mzukwa nayenso. Pamenepo Van Helsing asonkhanitsa gulu lake: Seward, Arthur Holmwood amene adali bwenzi la Lucy, Quincey Morris wa ku Texas, Harker yemwe adapulumuka uja, ndi mkazi wake Mina. Iwowa athamangitsa Dracula mpaka kwawo, namupha dzuwa likulowa, koma Morris atsiriza moyo wake pankhondoyo.

Chinthu chimodzi chofunika kuchisunga ndi kalembedwe ka bukuli. Mulibe munthu mmodzi wofotokoza nthano yonse. Muli makalata, matelegalamu, nkhani zodulidwa m'nyuzipepala, buku la ulendo la mkulu wa chombo, ndi zimene alenjewo ankalemba tsiku ndi tsiku. Seward amalankhulira zake m'makina ojambula mawu, ndipo Mina ndiye atayipa zonse ndi kuzisanja motsata masiku. Kotero wowerenga amakhala ngati nkhoswe imene yapatsidwa mulu wa maumboni kuti iweruze yokha.

Owerenga oyamba ambiri adalilandira bwino bukuli. Arthur Conan Doyle, mlembi wa nthano za Sherlock Holmes, adalembera Stoker kalata m'chaka chomwecho cha 1897 kumuuza kuti padapita zaka zambiri asadawerenge nthano ya ziwanda yoposa imeneyi. Mayi ake a Stoker, a Charlotte, adauza mwana wawo kuti chilembedwere buku la Frankenstein padalibe lina lofanana nalo pa kuopsa. Koma adalipo ena amene adaipidwa. Wopenda mabuku m'nyuzipepala ya Manchester Guardian adaona kuti kudali kulakwa kudzaza buku lathunthu ndi zoopsa zokhazokha, pakuti mantha akachuluka amaleka kuluma. Wa magazini ya Spectator adati nthanoyo ikadakoma ikadaikidwa m'zaka zamakedzana, chifukwa makina otayipira ndi ojambula mawu sagwirizana ndi adyo, mitanda ndi zisonga zimene alenjewo adagonjetsera mdani wawo.

Dandaulo la Spectator ndilo lasanduka chinthu chimene owerenga ambiri a pambuyo pake amachiyamika. Iwo amati mphamvu ya bukuli yagona pomwepo, pakuti anthu ophunzira, odziwa ndondomeko ya sitima za pamtunda ndi malamulo a dziko, akumana ndi chinthu chimene sukulu sidawaphunzitse. Gulu limeneli la owerenga limakonda Van Helsing. Limati iye ndi munthu wodekha, wosafulumira kuweruza, ndipo limapereka chitsanzo cha m'mene adachitira ndi Seward atamwalira Lucy. Sadamukakamize kukhulupirira. Adapita naye kumanda usiku, natsekula bokosi, nalipeza lopanda kanthu. Seward adakanabe, nati mwina akuba mitembo ndiwo achita zimenezi. Van Helsing adabwerera naye masana, napeza mtembo uli momwemo, wosavunda. Pambuyo pake adatenganso Holmwood ndi Morris, ndipo onse adaona ndi maso awo Lucy akubwerera kumanda atanyamula kamwana. Adachita kanthu pokhapokha onse ataona. Kwa owerenga otere, phunziro la bukuli ndi lija la akuluakulu lakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali gulu lachiwiri limene maso ake ali pa Mina. Owerenga amenewa, makamaka chiyambire zaka za m'ma 1970, amati mlenje weniweni m'bukumo ndi mayi ameneyu. Iye ndiye adaphatikiza mapepala omwazikana kufikira chithunzi chonse chitaoneka, ndipo kumapeto ndiye adapenda mapu nazindikira kuti Dracula akubwerera kwawo podzera pamtsinje. Komabe amunawo, atalandira ntchito yake yonseyo, adagwirizana zomuchotsa m'mikumano yawo poti ati amuteteze. Adamusiya yekha m'chipinda usiku iwo atapita kukasaka, ndipo ndi nthawi yomweyo imene Dracula adamufikira. Ena mwa owerenga amati apa Stoker ankadzudzula amuna a m'nthawi yake. Ena amati iye sadazindikire n'komwe chimene adalemba. Onse amavomereza kuti ngozi yaikulu ya alenjewo idabwera chifukwa chobisirana nkhani.

Gulu lachitatu ndilo lili ndi mafunso olemera koposa, pakuti limakayika alenjewo. Limakumbutsa kuti mapepala onse a m'bukumo adalembedwa ndi mbali imodzi, ndipo Dracula alibe tsamba lake ngakhale limodzi. Alenjewo amathyola nyumba za eni, amapereka ziphuphu, amatsekula manda popanda chilolezo, nadula mutu wa mtembo, ndipo palibe wowafunsa chifukwa mmodzi wa iwo ndi mwana wa banja lolemekezeka. Madotolo amene awerenga bukuli amaonanso chinthu china. Van Helsing adathira Lucy magazi a amuna 4 osiyana, koma magulu a magazi adadziwika m'chaka cha 1901, pamene Karl Landsteiner adawafotokoza ku Vienna. Kuthira munthu magazi osagwirizana ndi ake kungathe kumupha. Mlembi wina wa ku America, Fred Saberhagen, adatenga mfundo imeneyi nalemba buku lotchedwa The Dracula Tape m'chaka cha 1975, momwe Dracula akufotokoza mbali yake, nanena kuti amene adapha Lucy ndi dotolo uja. Zaka 21 m'mbuyo mwake, mu 1954, Richard Matheson adali atalemba kale I Am Legend, nthano ya munthu wotsala yekha amene amapha oyamwa magazi masana ali m'tulo, kufikira atazindikira kuti kwa iwo chilombo chake ndi iyeyo.

Owerenga ena a m'gulu lomweli amaona mantha a mtundu wina. Katswiri Stephen Arata adalemba m'chaka cha 1990 kuti Angerezi, amene pa nthawi ya Stoker ankalamulira maiko ambiri, ankaopa kuti tsiku lina mlendo adzawachitira zimene iwo ankachitira ena: kuphunzira chilankhulo chawo, kugula malo pakati pawo, ndi kuyamwa moyo wa dziko lawo. Powerenga motero, Dracula ndi mlendo wochokera kum'mawa, ndipo alenjewo ndi eni mudzi amene agwirizana zomuthamangitsa.

Kukayika kotere kuli ndi maziko m'mbiri, chifukwa alenje a mizukwa adalikodi Stoker asadabadwe. M'chaka cha 1725, m'mudzi wa Kisiljevo ku Serbia, anthu adafukula mtembo wa Petar Blagojević, naubaya ndi chisonga, nauotcha, poti ati ndiye ankapha anzawo. Zotere zidachitikanso ku Medveđa, ndipo madotolo a asilikali a Austria adalemba lipoti lake mu 1732, limene lidafalitsa mawu akuti vampire ku Ulaya konse. Mu 1755 mfumukazi Maria Theresa idapempha dotolo wake, Gerard van Swieten, kuti apende nkhanizi. Iye adafotokoza kuti mtembo woikidwa m'dothi lozizira umachedwa kuvunda, ndi kuti zimene anthu ankaziyesa zizindikiro za mzukwa zidali zochitika mwachibadwa. Mfumukaziyo idaletsa mchitidwe wofukula mandawo. Ngakhale zidali choncho, m'mwezi wa Malichi 1892, ku Exeter m'chigawo cha Rhode Island ku America, anthu adafukula mtembo wa mtsikana wa zaka 19, Mercy Brown, naotcha mtima wake, namwetsa phulusa lake mlongo wake Edwin amene ankadwala. Edwin adamwalira patapita miyezi 2. Chimene chinkatha banjalo chidali chifuwa chachikulu. Pakati pa mapepala amene Stoker adasonkhanitsa polemba buku lake padapezeka nkhani yodulidwa m'nyuzipepala ya ku New York ya mu 1896, yonena za zikhulupiriro zomwezi.

Wowerenga wa ku Malaŵi kapena ku Zambia safuna womuuza kulemera kwa nkhani imeneyi. Ku Northern Rhodesia, m'zaka za m'ma 1930, kudamveka mbiri ya banyama, anthu amene ankati amagwira anzawo ndi kuwachotsa magazi potumidwa ndi Azungu, ndipo katswiri wa mbiri Luise White adafotokoza zimenezi m'buku lake Speaking with Vampires la mu 2000. Ku Malaŵi mphekesera za anamapopa zidabuka kumapeto kwa 2002, nizibukanso mu Sepitembala 2017 m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, mpaka kufika ku Blantyre. Namapopa amasiyana ndi mzukwa wa Stoker, pakuti amene amamuopa amati ndi munthu wamoyo woyenda ndi zipangizo. N'chifukwa chake zotsatira zake zidali zoopsa koposa. Ku Serbia chisonga chidabaya mtembo, koma mu 2017 miyala idagwera anthu amoyo. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, apolisi adamanga anthu 140, ndipo ogwira ntchito za chipatala adavutika kufikira odwala. Madotolo adalengeza kuti sadapeze munthu ndi mmodzi yemwe wopopedwa magazi.

Apa ndi pamene maganizo a owerenga onse aja akumanirana. Amene amakonda Van Helsing sakulakwa, pakuti m'kati mwa bukulo mzukwa ulikodi, ndipo mlembi mwini ndiye mboni yake. Wowerenga angathe kusangalala ndi kulimba mtima kwa alenjewo mtima uli m'malo, podziwa kuti sakupha wosalakwa. Amene amakayika alenjewo sakulakwanso, pakuti kunja kwa chikuto cha buku kulibe mlembi wotsimikizira khamu la anthu kuti amene lamuzinga ndi chilombo. Kumeneko kuli mantha, matenda osadziwika dzina, njala, ndi mawu a kandimverere amene adakanena za m'maluwa.

Stoker adamwalira ku London mu 1912 ali wosauka ndithu, buku lake lisadatchuke monga lidatchukira pambuyo pa kanema wa mu 1931 momwe Bela Lugosi adasewera ngati Dracula, ndi wa mu 1958 momwe Peter Cushing adasewera ngati Van Helsing. Makanema ambiri adataya makalata aja, nasiya mano ndi zisonga. Koma amene angalipeze bukulo achite bwino kuwerenga tsamba lake lomaliza mofatsa. Patapita zaka 7, Jonathan Harker atulutsa mapepala onse aja m'malo momwe adawasunga, naona kuti pafupifupi onse ndi otayipa chabe, popeza oyamba enieni adaotchedwa. Iye mwini avomereza kuti sangapemphe munthu aliyense kulandira mulu wotere ngati umboni wa nkhani yodabwitsa choncho. Mlenje amene adadula khosi la Dracula ndi dzanja lake ndiye woyamba kunena kuti nkhani yongomva siikwanira kuweruzira munthu.