ZILONDA ZA POGONA: MAU A MLEMBI PA TSIKU LA CHIKONDWERERO



Pa tsiku ngati lino mlembi amaŵerenga zimene zinayenda bwino. Koma ife a komiti tinapangana kuti lero tiyambe ndi chinthu chimene chinatichititsa manyazi. Chaka chathachi tinali kuyendera agogo ena, mmodzi wa amai amene anayambitsa bungwe lino. Iwo anafa ziŵalo mbali imodzi, nagona pamphasa miyezi itatu. Tinali kupitako Lachinai liri lonse ndi ufa, sopo ndi nkhuni, kucheza nao ndi kubwerera. Palibe mmodzi wa ife amene anavundukula bulangete. Tsiku limene mdzukulu wao anatipempha kuti timthandize kuŵasambitsa, tinapeza chilonda chakuya pamwamba pa matako, chikutuluka mafinya. Agogowo anapirira osanena, poopa kuvutitsa ana. Anakhala milungu yambiri m'chipatala chifukwa cha chilonda chimene chikadapeŵeka.

Zitatero tinafunsa nzeru kwa anamwino, ndiponso kwa ana athu amene amagwira ntchito m'nyumba zosungiramo okalamba ku Britain ndi ku South Africa, pakuti kumeneko nkhondo yolimbana ndi zilonda zimenezi ndi ya tsiku ndi tsiku. Zimene tinaphunzira ndizo tikupatsani lero.

Chilonda cha pogona sichiyamba ndi matenda iai. Chimayamba pamene munthu agonera malo amodzi nthaŵi yaitali. Fupa limapanikiza mnofu pa bedi kapena pamphasa, magazi amaleka kufika pamenepo, ndipo mnofuwo umayamba kufa. Izi zingathe kuyamba m'maola oŵerengeka okha. Ife amoyo wabwino timatembenuka tokha ngakhale tiri m'tulo, koma wokalamba wofooka, wakufa ziŵalo, kapena wa matenda a shuga amene samva bwino kuŵaŵa, sangathe kutero.

M'chaka cha 1962 namwino wina wa ku England, Doreen Norton, pamodzi ndi anzake, anasonyeza kuti okalamba otembenuzidwa kaŵirikaŵiri sachita zilonda zambiri. Anakonzanso njira yodziŵira wodwala amene ali pangozi, poyang'ana zinthu zisanu: mphamvu ya thupi lake, maganizo ake, ngati amayenda, ngati amadzitembenuza, ndi ngati amadziletsa mkodzo ndi chimbudzi. Mpaka lero anamwino amayesa wokalamba mwa njira yonga imeneyi akangofika m'nyumba zao, chilonda chisanaoneke.

Tsono ntchito yao yoyamba ndiyo kutembenuza. Wogona pa matiresi wamba amamtembenuza maola aŵiri ali onse, usana ndi usiku: kumanzere, chagada, kumanja. Pomgoneka cham'mbali samgonetsa pa fupa lenileni la m'chiuno, koma amampendeketsa pang'ono ndi kumchirikiza ndi mtsamiro kumsana, wina pakati pa maondo. Akagona chagada amaika mtsamiro pansi pa miyendo kuti zidendene zilenjekeke m'malere. Samkoka wodwala, chifukwa khungu la okalamba limasupuka msanga. Amakhala aŵiri, namnyamula ndi nsalu imene wagonera. Kumutu kwa bedi sakukweza kwambiri, kupatula pa nthaŵi ya kudya, popeza munthu akamatsetsereka khungu la kumatako limakokeka. Wokhala pa mpando nayenso amamsuntha, pakuti kukhala kumapanikiza koposa kugona.

Ntchito yachiŵiri ndiyo kuyang'ana khungu tsiku liri lonse, makamaka pamwamba pa matako, m'chiuno, zidendene, akakolo, zigongono, mapeŵa, nkhongo ndi makutu. Apa tichenjere, amai. Pa khungu loyera chizindikiro choyamba ndicho kufiira, koma pa khungu lathu lakuda kufiirako sikuoneka bwino. Tiziyang'ana malo amene ada kuposa pena, kapena akunyezimira, ndipo tizikhudza ndi dzanja: kodi patentha, pazizira, palimba, patupa, kapena wodwala akumvapo kuŵaŵa? Pakatero asagonerepo konse kufikira pabwerere mwakale. Kale tinaphunzitsidwa kutikita malo otere ndi mphamvu, koma anamwino a lero amaletsa, chifukwa kutikita kumaononga mnofu umene wavulala kale. Amaletsanso nkhata yokhalira, yoboola pakati, popeza imapanikiza m'mphepete mwake.

Ntchito yachitatu ndiyo kuumitsa. Mkodzo, chimbudzi ndi thukuta zimafeŵetsa khungu mpaka kung'ambika. Wodwala akadzionongera amamtsuka nthaŵi yomweyo ndi madzi ofunda, kumpukuta mosisita pang'ono, ndi kumdzoza mafuta oteteza khungu. Kwathu kuno Vaseline amathandiza. Nsalu yogonera ikhale youma, yopanda makwinya ndi nyenyeswa za chakudya. Mphasa yokha ndi youma kwambiri kwa munthu wogona tsiku lonse, chotero tiziyesetsa kumpezera matiresi.

Ntchito yachinai ndiyo kudyetsa. Thupi loonda limachita zilonda msanga ndipo limachedwa kupola. Wokalamba apatsidwe zakudya zomanga thupi monga mazira, usipa, nyemba, mkaka ndi phala la nsinjiro, pang'ono pang'ono koma kaŵirikaŵiri. Tisammane madzi poopa kuti akodza pogona, pakuti khungu losoŵa madzi limang'ambika.

Khungu likatumbuka, kapena pakaoneka mafinya, fungo, mnofu wakuda, kapena wodwala akatentha thupi, tisaikepo phulusa kapena mankhwala ongomva kwa anzathu. Tipite naye kuchipatala msanga, chifukwa chilonda chotere chimafika pa fupa, chimaloŵa m'magazi, ndipo chimapha.

Chinthu chimodzi chimene chinatigwira mtima ndi ichi: m'nyumba zosungiramo okalamba namwino sagwira ntchitoyi yekha. Amasinthana, ndipo ali yense amalemba pa pepala nthaŵi imene watembenuza wodwala ndi mbali imene wamgoneka. Kwathu kuno katundu yenseyu timamsiyira mwana wamkazi mmodzi kapena mdzukulu, amene ayeneranso kulima, kutunga madzi ndi kugona. Munthu mmodzi sangadzuke maola aŵiri ali onse kwa miyezi itatu.

Chotero komiti ikupempha kuti m'dera liri lonse mukhale kope la odwala ogonera pansi, ndi maina a amai osinthana kuŵayendera aŵiriaŵiri. Ufa ndi nkhuni tizipita nazo monga kale, koma tisanatsanzike tizipempha chilolezo kwa agogo ndi eni nyumba, tivundukule bulangete, tione msana ndi zidendene, tiŵatembenuze. Amene mukufuna kulembetsa maina mutipeze pa tebulo la mlembi tikatha kudya.