Mtima ukamagunda ndi mantha

Lero tikucheza ndi inu amene adokotala anakuuzani kuti mtima wanu uli ndi vuto, komanso inu amene mukusamalira wodwala wotere pakhomo.

Mukudziwa mmene usiku umakhalira. Mtima ukangogunda mwachilendo, tulo tonse balala, dzanja lili pachifuwa, mukuwerenga kugunda kwake. Manthawo amachititsa thupi kutulutsa adrenaline, adrenalineyo n'kuthamangitsa mtima, mtima ukathamanga mantha n'kuwonjezeka. Zimangozungulira chomwecho mpaka tambala kulira.

Maphunziro otchedwa mindfulness amafuna kudula mzere umenewu. Ndi kuphunzira kukhazika maganizo pa chimene chikuchitika pakali pano, osachithawa, osachikulitsanso. A Jon Kabat-Zinn ndiwo anayambitsa maphunziro a masabata 8 amenewa m'chaka cha 1979 ku University of Massachusetts, ku America. Lero akupezeka pa intaneti. Ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, madokotala a chipatala cha Erasmus anachita kafukufuku pa odwala mtima 324, ena mwa iwo n'kuphunzira pa intaneti kwa masabata 12. Zotsatira zinatuluka mu 2015: kwa amene anaphunzirawo, kugunda kwa mtima kunatsikako pang'ono, ndipo pa mphindi 6 ankayenda mtunda wotalikirako pang'ono. Mwamva ndati pang'ono. Wina akadzakuuzani kuti zimachiritsa mtima, akukunamizani. Bungwe la American Heart Association nalo linanena mu 2017 kuti izi zingathandize ngati chowonjezera, osati kulowa m'malo mwa mankhwala.

Tiyeni tiyese limodzi. Amene muli pa chiwongolero kapena pa kabaza, mukayesa mukafika.

Khalani pampando, mapazi agunde pansi. Kokani mpweya ndi mphuno, mumve mimba ikutukuka. Tulutsani pang'onopang'ono, motalikirapo kuposa mmene munakokera, pakuti potulutsa m'pamene mtima umabweza liwiro. Kokaninso. Pofika pano maganizo athawira kale ku fizi ya ana kapena ku mtengo wa feteleza. N'zachibadwa, musadzikalipire. Abwezeni pa mpweya, ngati mmene mumabwezera mbuzi yolowa m'munda, opanda kuigenda. Kubwezako ndiye phunziro lenilenilo, ngakhale mubweze ka 20.

Yambani ndi mphindi 5 m'mawa uliwonse. Za bandulo musade nkhawa kwambiri. Mdzukulu akudawunilodereni phunziro la mawu okhaokha kamodzi, muzilimvera pafoni popanda intaneti.

Mapiritsi anu pitirizani kumwa monga anakuuzirani, ndipo mukapita kusikelo ya BP muwauze adokotala kuti mwayamba zimenezi. Koma pachifuwa pakamapweteka ngati pasanjikidwa mwala, ululu n'kumatsikira m'dzanja kapena kukwera m'nsagwada, mukubanika, thukuta lozizira likutuluka, imeneyo si nthawi yowerenga mpweya. Itanani wina akutengereni kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.