Malipiro a ana athu m'sukulu za mishoni



Chiwonongereni minda yathu namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, mabanja ena tikudalira ana athu ogwira ntchito m'makoleji ndi m'sukulu za mishoni: alonda, ophika, otchetcha udzu. Ena mwa iwo ndi aganyu olipidwa pa tsiku. Sukulu ikatsekera, ndalamanso yatha.

Mu 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 pamwezi. Tawerengani nokha: chimanga, chigayo, sopo, lendi. Ya feteleza itsala?

Sitikulimbana ndi mpingo ayi. Papa Leo XIII analemba mu 1891 kuti malipiro azikwanira kusunga wantchito. Maepiskopi athu, m'kalata yawo ya 1992, anadandaula za malipiro ochepa ndi mitengo yotsika ya mbewu zathu. Ku Georgetown, yunivesite ya Akatolika ku America, ophunzira ananyanyala kudya mu 2005 mpaka osesa anawakwezera malipiro.

Choncho makalabu nonse, funsani ana athuwa kuti akulandira zingati, pa masiku angati, ndipo mulembe. Tikadzapita kwa abambo mfumu ndi ku ofesi ya zantchito, tidzapite ndi manambala m'manja.