Tambu ndi kadimba kake ka chimanga

 Munandipempha kuti pa nkhani yathu ya maphunziro a atsikana ndikambeko za buku limodzi. Ndasankha Nervous Conditions, lomwe analemba mayi Tsitsi Dangarembga a ku Zimbabwe, lotuluka mu 1988.

M'bukumu muli mtsikana dzina lake Tambu, wa kumudzi kufupi ndi Umtali, kumene lero timati Mutare, nthawi ya Rhodesia. Ndalama ya fizi itachepa, makolo analipirira mchimwene wake Nhamo yekha. Bambo ake ankati mkazi aphunzire kuphika basi. Tambu anapempha mbewu, nalima kadimba kake ka chimanga kuti agulitse mondokwa alipire yekha sukulu. Nhamo uja n'kumabanso chimangacho kukagawira anzake! Inu a ku Tsangano amene ana anu amakumba mbatatesi kuti apeze ya makope, mwana ameneyu mukumudziwa.

Mwayi wake unadza ndi maliro. Nhamo atamwalira, Tambu ndiye anatenga malo ake kusukulu ya mishoni kumene bambo ake aakulu anali ahedi, ndipo sabisa kuti imfayo sinamupweteke kwenikweni. Ine apa ndi pamene bukuli limandigwira mtima. Kumishoni akudya bwino, akuwerenga usiku, koma kumudzi amayi ake akufota. Atapezanso malo kusukulu ya masisitere ya Sacred Heart, mayiwo anasiya kudya, poopa kuti chizungu chimene chinawalanda mwana woyamba chiwalandanso wachiwiri.

Ndiye pali Nyasha, mwana wa bambo aakulu aja, amene anakulirako ku England mpaka Chishona kumuthawa. Ankagona chipinda chimodzi, kubwerekana mabuku, kuuzana zakukhosi. Tambu atapita kwa masisitere, Nyasha ankalemba makalata, mnzakeyo n'kumatanganidwa ndi mayeso osayankha. Nyasha anadwala matenda okana chakudya mpaka kuthamangira naye kwa madokotala.

Ngati n'kumudzudzula Tambu, ine ndimamudzudzula pa makalatawo. Pa kufuna sukulu, iyayi.

Tsono tiyang'ane kwathu kuno. Mwana wathu akapita ku sekondale ku Furancungo, kapena ku Ulongue kapena ku Tete, pa holide akabwera Chipwitikizi chili pakamwa, timati wayamba kudzimva. Mnzake wa ubwana, amene pano ali ndi khanda kumsana, amamuzemba pa chitsime. Ndawaonapo atsikana akubisa zoti akhoza mayeso, kuopa kuti anzawo otsala awawidwa mtima. Ena mpaka kusiya sukulu, ati asaoneke ngati ataya amayi awo.

Wapampando, ndikupempha kuti tikamajambula pulogalamu ya Loweruka tiitane atsikana awiri, wina amene anapitiriza sukulu ndi mnzake amene anatsala kumudzi. Alankhule okha, ife akuluakulu tisawadule mawu.