Chitaliyana tichilowere pa khomo la Chichewa

 Andipatsa mphindi zochepa kuti ndiyankhule za Chitaliyana chimene ena mwa ife tayamba kuphunzira chilembereni MSCE.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima mwanu: Chitaliyana udya nacho chiyani kuno ku Phalombe? Sindikunamizani, chiyankhulo pachokha sichilemba munthu ntchito. Koma Ataliyana sali kutali monga tiganizira. Ku Balaka kuli ansembe a Montfort ochokera ku Italy, ndipo Alleluya Band, imene inaphula Paul Banda ndi Lucius Banda, inayamba kumeneko mu 1978 mothandizidwa ndi bambo Mario Pacifici. Ku Lunzu kuli sukulu ya ntchito zamanja ya a Comboni. Zipatala za DREAM ndi za gulu la Sant'Egidio la ku Rome, gulu lomwelo limene linakhazika pansi Frelimo ndi Renamo mpaka kusainirana mtendere pa 4 Okutobala 1992, abale athu a ku Mozambique n'kuyamba kubwerera kwawo. Ndiye pali phiri lathuli. Mu 2025 a UNESCO analiika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Anyamata amene amaperekeza alendo kuchokera pa Fort Lister kukwera ku Sombani onse amayankhula Chingerezi. Amene angawonjezerepo chiyankhulo china, mlendo wa chiyankhulocho adzafunsa za iyeyo.

Vuto ndi lakuti mabuku ndi mapulogalamu a pa foni amatiphunzitsa Chitaliyana kudzera m'Chingerezi. Amakhala nthawi yaitali akulongosola zinthu zimene zimavuta Mngerezi, pamene ife zinthu zomwezo tinayamwira kubere. Zili ngati munthu wa pa Migowi kupita ku Chiringa modzera ku Limbe.

Tiyambe ndi kawerengedwe. Malembo a liwu ndi asanu omwe aja, a e i o u, ndipo amamveka pafupifupi monga timawatchulira ife. Mawu ambiri amathera pa lembo la liwu ngati athu. Mwana wa Sitandade 3 mutamupatsa mawu akuti "la mia casa", nyumba yanga, awerenga bwinobwino ngakhale sakudziwa tanthauzo. Zoti muloweze ndi zochepa. Akalemba gn werengani ny, ndiye "montagna", phiri, ndi montanya. Akalemba ci kapena ce werengani chi, che: "ciao" ndi chao. Koma akalemba chi kapena che, pamenepo werengani ki, ke. Choncho mlendo akaona mapu n'kukufunsani njira ya ku Kiringa kapena phiri la Mikesi, musamuseke, akuwerenga molondola mwa kwawo. Ngakhale chiyankhulo chathu angachitchule kuti Kikewa.

Tsopano mneni, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Ife timati ndiyankhula, uyankhula, ayankhula, tiyankhula, muyankhula. Wochita ntchito ali kumutu kwa mawu: ndi-, u-, a-, ti-, mu-. Mtaliyana amachita chimodzimodzi, kungoti wochitayo amamuika kumchira: parlo, parli, parla, parliamo, parlate, parlano. Mukamva -o kumapeto, ndi ine. Mukamva -iamo, ndi ife. Ku Balaka kuja kuli bungwe la achinyamata lotchedwa Andiamo, ndipo dzinalo likungotanthauza kuti tiyeni, tipite. Ti- wathu ndiye -iamo wawo, basi.

Chifukwa cha ichi, Mtaliyana safunika kunena "io", kutanthauza ine, nthawi zonse. "Parlo" yakwana. Akanena kuti "io parlo" ndiye kuti akutsindika, ngati ife tikamati ineyo ndiyankhula, osati iwe. Wophunzira wa ku London zimenezi zimamuzunguza mutu, poti kwawo mneni sayenda yekha. Ife tikuchedwerapo chiyani?

Kukana nakonso kumabwera patsogolo ngati si- wathu: "non parlo", sindiyankhula. Kufunsa sikulira mawu owonjezera, mumangokweza liwu: "Parli italiano?", umayankhula Chitaliyana? Wochitiridwa ntchito amakhala mneni asanafike, monga -ku- ndi -mu- wathu: "ti vedo", ndikukuona, "lo vedo", ndikumuona. "C'è acqua", pali madzi. "Non c'è", palibe.

Imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya njala. Mngerezi amanena ngati iyeyo ndiye njalayo, koma Mtaliyana amati "ho fame", ndili ndi njala, ndendende. "Ho sete", ndili ndi ludzu. "Ho vent'anni", ndili ndi zaka 20. Amene akudzera m'Chingerezi amayamba walakwitsa kenako n'kukonza, pamene iwe ukangoganiza m'Chichewa wakhoza kale.

Mayina nawo ali ndi magulu. Mukukumbukira agwirizanitsi aja anatisautsa m'kalasi, chipewa chatsopano, zipewa zatsopano, mudzi waukulu, midzi ikuluikulu? Kwawo zilinso choncho: "il libro nuovo", buku latsopano, "i libri nuovi", mabuku atsopano, "la montagna alta", phiri lalitali, "le montagne alte", mapiri ataliatali. Dzina likasintha, mawu oyenda nalo amasinthanso, ndipo mfotokozi kawirikawiri amatsatira dzina ngati kwathu kuno. Magulu awo ndi awiri okha. Munthu amene amasiyanitsa la, cha, ya, wa, ka ndi pa osaganiza n'komwe asaope magulu awiri.

Za ulemu musadandaule. Kwa mnzako umati "Come stai?", uli bwanji. Kwa wamkulu kapena mlendo umati "Come sta?", ngati ukunena za munthu wina amene palibe. Si mmene timachitira tikamalonjera agogo maso ndi maso kuti adzuka bwanji agogo? Kum'mwera kwa Italy akuluakulu ena amawatchulabe kuti "voi", amene ndi inu wathu weniweni. Ndiye chonde, "ciao" ndi wa pa chinzake. Kwa sisitere, kwa bambo mfumu kapena mlendo amene mwangokumana naye, nenani "buongiorno".

Tsopano ndisakukometsereni zonse. Pali malo atatu kapena anayi pamene Chichewa chimatisiya tokha.

Loyamba ndi l ndi r. Kwa ife kulira ndi kurira ndi kumodzi, palibe amakufunsa. Kwa iwo "male" ndi zoipa, "mare" ndi nyanja yamchere. "Lana" ndi ubweya wa nkhosa, "rana" ndi chule. Ukafuna kugula juzi ya ubweya ungaitanitse ya chule. Apa ife a kuno tili ndi mwayi umene a ku Lilongwe alibe. Pitani kwa agogo amene akuyankhulabe Chilomwe, muwapemphe atchule "murima", mtima, mumvetsere mmene lilime likunjenjemerera. R ameneyo ndiye akufunika. Chiyankhulo chimene ena timachita nacho manyazi pa msika chikhoza kutiphunzitsa cha ku Rome.

Lachiwiri ndi malembo obwereza. "Sete" ndi ludzu, "sette" ndi 7. "Nono" ndi wachisanu ndi chinayi, "nonno" ndi agogo aamuna. Lembo likabwerezedwa, lilime liime pang'ono lisanapitirire. Ndipo ponena zaka zanu, n wa mu "anni" mumukoke ndithu. Mukamufupikitsa mwatchula chiwalo chimene sindinganene pano a wapampando ali pomwepa.

Lachitatu ndi lachimuna ndi lachikazi. Ife "iye" ndi iye, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana. Kwawo chilichonse, ngakhale buledi ndi usiku, chili mbali imodzi: "il pane", "la notte". Ambiri othera pa -o ndi achimuna, othera pa -a ndi achikazi, koma "la mano", dzanja, ndi "il problema" amaphwanya lamulolo mopanda manyazi. Mankhwala ake ndi kuloweza dzina pamodzi ndi il kapena la wake, osalilemba lokha. Zimafika mpaka pa iwe mwini: mnyamata amati "sono andato", ndinapita, mtsikana amati "sono andata". Wotopa wamwamuna ndi "stanco", wamkazi ndi "stanca".

Palinso aneni osamvera lamulo, ndipo mwatsoka ndi amene amagwira ntchito tsiku lililonse. Andiamo uja, ukafuna kunena kuti ndikupita, suti "ando" ayi, umati "vado". Vado, vai, va, andiamo, andate, vanno. Apa palibe nzeru ina, n'kuimba basi ngati mathebulo. Ku- wathunso amagawika pawiri: "vado a Roma" koma "vado in Italia", mzinda wake, dziko lake.

Kwa amene mukulota zokaphunzira kunjako, dziwani kuti pali mayeso ovomerezeka, CILS a yunivesite ya ku Siena ndi CELI a ya ku Perugia, ndipo ofesi ya kazembe wa Italy imene imayang'anira Malawi ili ku Lusaka. Munthu akakuimbirani foni kuti tumizani ndalama, ntchito ya ku Italy ndakupezerani ndipo chiyankhulo n'chosafunika, gwirani thumba lanu.

Pempho langa ndi ili. Aliyense apeze kope, alembe mzere pakati, kumanzere Chitaliyana, kumanja Chichewa, Chingerezi chisalowemo. Bandulo ikatha kope silitha. Loweruka likubwerali aliyense abwere ataloweza parlo mpaka parlano, ndi ziganizo zitatu za m'phiri: "andiamo piano", tiyende pang'onopang'ono, "attenzione, si scivola", samalani, pakuterera, ndi "manca poco", kwatsala pang'ono. Chomalizachi mudzachifuna kwambiri, chifukwa mlendo akayamba kufunsa kuti "quanto manca?" muli pa chitunda choyamba, Sombani akadali kutali. Tidzayeserera awiriawiri, wina mlendo wina woperekeza, ndipo amene ali ndi agogo odziwa r awauziretu kuti tikubwera.