Udzudzu wa Culex ndi nthenda yotupitsa ubongo

 Lero tikambe za udzudzu. Kuno kwa Mnkhanya mvula ikagwa, mtsinje wa Lupande n'kusefukira, madambo amadzaza madzi, ndipo madzulo simungadye nsima panja osadziomba m'miyendo.

Ambirife timati udzudzu ndi umodzi, koma tauyang'anitsitsani ukatera pakhoma. Wofalitsa malungo, wotchedwa Anopheles, umazondotsa mutu, kumbuyo kuli m'mwamba. Wina wofiirira umatera thupi lili chogona, ndipo dzina lake ndi Culex. Umenewu susankha madzi: umaikira mazira ngakhale m'zithaphwi zonunkha za kuseri kwa bafa, mazirawo n'kumayandama ataphatikana ngati kabwato. Woluma ndi waukazi wokha, chifukwa mazira ake amafuna magazi.

Culex umakonda magazi a mbalame, ndipo vuto limayambira pamenepo. Umatenga vairasi m'mbalame n'kumupatsira munthu. Vairasi ya West Nile, yomwe inapezeka koyamba ku Uganda mu 1937, akatswiri aipezanso kuno ku Zambia, mu udzudzu wa ku Western Province. Ambiri oitenga sadwala n'komwe, koma ochepa ubongo umatupa, ndipo katemera wa anthu palibe.

Ku Asia kuli mbale wa West Nile woopsa, Japanese encephalitis. Udzudzu woifalitsa umaswana m'minda ya mpunga, vairasi n'kumachulukana mu nkhumba ndi mbalame za m'madambo zonga akakowa. Odwala ambiri ndi ana. Mwa khumi amene ubongo watupa, omwalira amatha kufika atatu, ndipo ena opulumuka amatsala opuwala kapena osalankhula bwino. Zimandikhudza kwambiri kuti nthenda yotereyi imatha kugonja. Ku Japan, m'ma 1960 odwala ankapitirira 1,000 pachaka, koma ana atayamba kubayitsa katemera mwaunyinji, chiwerengerocho chinatsika mpaka zaka zambiri osafika khumi.

Katemera ameneyo ndi wa nthenda ya ku Asia. Kuno chotiteteza ndi neti, ndiye isathere kudimba kapena kumtsinje kokokera nsomba. Kwirirani zithaphwi, ndipo akatemera a kusikelo mwana asaphonye ngakhale mmodzi. Mwana akatentha thupi, khosi n'kuuma, akamakomoka kapena kubwebweta, musachedwe ndi zakuti wina wamulodza. Ngakhale poyeza magazi malungo asapezeke, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.